Phazi Lonyamulira Njuchi

Injini yakale ya pikapu inafa mu Epulo, ili ndi ming'oma khumi ndi iwiri kumsana. Inatsokomola kawiri pachitunda cha kumanda, n'kulavula oyilo wakuda pamsewu, basi zii. Ankayendetsa ndi Rumyana. Anatsika, nagwada, naona chibowo m'nthiti mwa injini choti nkhonya n'kulowa bwinobwino. Sanalire. Anaimbira mwamuna wake Zdravko kuti abwereke thalakitala, ndipo podikirapo anayala masaka onyowa pamwamba pa ming'oma kuti njuchi zisapse.

Pakhomopo galimoto inali yomweyo basi. Ming'oma inalipo makumi anayi, ndipo njuchi za ku Dobrudzha sizidyera malo amodzi chaka chonse: zimalondola maluwa, munthu n'kumazinyamula. Uchi weniweni, umene umadyetsa banja mpaka chisanu chitatha, ndi wa mpendadzuwa. Mwini munda amakupatsa tsiku loti ufike ndi ming'oma yako. Ukaliphonya, m'mawa mwake pamalo pako pamakhala pataima ya wina. Chaka chimenecho tsikulo linali Lolemba loyamba la Julaye.

"Ukagule yofanana ndi yakaleyi," Rumyana anamuuza Zdravko pamene ankanyamuka kupita ku mochale ya magalimoto kutauni. "Ya masilinda anayi. Yosadya mafuta. Wamva?"

"Ndamva, Rumi."

Anabwera madzulo atakweza pangolo chiinjini chachitali, chochokera m'takisi imene inazungulira mzinda wa Varna zaka makumi awiri, chili ndi giyabokosi yake yosintha yokha magiya. Rumyana anatuluka atanyamula mwana wawo Bisera m'chiuno, nazungulira ngoloyo kamodzi.

"Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma kuwerenga mpaka sikisi ndimatha. Mapaipi awa alipo angati?"

"Inali yotchipa kuposa ya anayi. Ndikulumbira, pali mayi anga!"

"Mayi akowo asiye, sanalakwe kanthu. Ikwana m'bonetimu?"

"Tikadula pang'ono."

"Kudula chiyani?"

Zdravko anayamba kuyang'ana adokowe padenga la tchalitchi.

Patapita masiku atatu, Rumyana pofuna kusambitsa mwana anapeza m'beseni la Bisera mutanyikidwa chinthu chonga nkhono, chachikulu ngati mutu wa thole, chakuda bii, chikusambira m'dizilo. Inali tebo, chija chimakankhira mpweya m'injini, ndipo amuna a magalimoto amangochitcha nkhono chifukwa cha kupindika kwake. Iyi inachokera m'makina okololera tirigu amene anapsa m'munda chaka chapitacho. Apa m'pamene Rumyana anadziwa kuti nkhaniyi sinalinso ya uchi.

Loweruka loyandikana ndi Lolemba lija kunali mpikisano pabwalo lakale la ndege za asilikali: mamita 402, magalimoto awiriawiri, msewu wowongoka. Zdravko anakulira pawaya wa bwalo limenelo akusuzumira. Sanali wa mowa, sanali wa akazi, sanali wa juga. Matenda ake anali amenewa.

"Chikho sindikuchifuna ine," anatero ali patebulo, akunyema banitsa, mkate wopyapyala wa chizi, osaudya. "Ndikufuna nambala basi. Bolodi lilembe pansi pa masekondi 14, kamodzi kokha m'moyo wanga. Kenako ndizinyamula njuchi mpaka ndidzafe."

"Nanga ikaphulika Loweruka? Lolemba ming'oma uibereka kumsana?"

"Siiphulika. Atimangira bai Nedelcho."

Dzina limenelo Rumyana ankalikhulupirira; bai ndi mawu aulemu oitanira mwamuna wachikulire kumeneko. Bai Nedelcho anakonza mapampu a mathalakitala a koparetivi zaka makumi anayi, ndipo m'midzi yonse yozungulira munalibe dizilo imene sinadutse m'manja mwawo. Khutu limodzi linagontha kalekale. Akafuna kumva injini ankaluma chigwiriro cha sikuludilaiva, nsonga n'kuigunditsa pachitsulo, n'kumamvera m'mano.

Ntchito inayamba m'khola lakale la nkhumba. Zogula zinali zochepa, zotola ndiye zinachuluka. Chozizitsira mpweya chinachokera m'minibasi imene inagwera m'ngalande. Mapaipi anali othiririra chimanga. Ekizozi anaidula ku golo ya mpira pasukulu imene inatsekedwa ana atatha m'mudzi. Geji yoyeza kutentha kwa utsi anaipeza kwa mayi wina wamasiye amene mwamuna wake ankaumba mbiya: inali ya ng'anjo yootchera mbiyazo, ndipo mayiyo analandira uchi wa chaka chatha n'kuwonjezanso dalitso. Zdravko ankabwera kuntchito yake yoyendetsa thalakitala, n'kulowa m'kholamo asanasambe n'komwe. Rumyana ankawapititsira chakudya n'kubwerera, osayang'ana kawiri.

Tsiku lina atalowa ndi mbale anapeza bai Nedelcho atasamba m'manja mpaka m'zigongono, atayala thaulo loyera mbee pathabwa, fodya atamuzimitsa. Pathaulopo panali pampu ya mafuta itamasulidwa, tizitsulo tonyezimira tili pamzere ngati zida za azamba.

"Tseka chitseko, bulka, fumbi likulowa." Chikwatiwireni m'mudzimo, mkuluyo sanamuitanepo ndi dzina lina koma limeneli, lotanthauza mkwatibwi. "Tabwera kuno. Tatambasula dzanja."

Anatenga kachitsulo kotalika ngati chala, n'kukalowetsa m'kachubu kake. Kanatsika kokha pang'onopang'ono, mopanda phokoso, ngati uchi ukutsika pasupuni. Anakatulutsa n'kukaika m'chikhatho cha Rumyana.

"Fumbata. Werenga mpaka makumi atatu."

Rumyana anawerenga. Atatha, mkuluyo anamupatsa kachubu kaja. "Lowetsa."

Kanakana. Anayesanso, kanakana ndithu.

"Kutentha kwa dzanja lako kwakatupitsa," anatero bai Nedelcho. "Tsitsi lako ukaling'amba m'litali kakhumi, n'kung'ambanso, m'pamene ungapeze mpata umene uli pakati pa tiwiriti."

Rumyana anayang'ana chikhatho chake. Iye ankadziwa chitsulo ngati chinthu chogontha, choti umachimenya ndi hamala n'kumva. Sankadziwa kuti chimamva ngakhale magazi a munthu. Mbale ya nyemba inazizirira pawindo, iye ali chiimire, mpaka Bisera analira kunyumba.

Pampu itabwerera pamalo pake, mkuluyo anawaonetsa kabawuti kena kumbuyo kwake. "Apa ndi pakhosi. Pamene kalipa, injini ikudya ngati munthu wantchito, ndipo ikhala zaka khumi. Ndikakatembenuza kawiri ndi theka, izidya ngati paukwati. Maulendo atatu ipirira. Kachinayi sindilonjeza. Ndipo kamuvi ka geji kakafika pa 900, phazi lichoke, apo ayi mapisitoni asungunuka ngati phula la njuchi."

Rumyana anapita kunyumba, nabwera ndi kabotolo ka kyutekisi wofiira wotsala pa ukwati wake. Anadontheza kadontho pamutu pa kabawuti, kena pathupi la pampu, timadontho tiwirito titayang'anana.

"Apa ndi pa Lolemba," anatero. "Kakachoka apa, kadzabwerere apa."

"Mkazi ameneyu unamutola kuti?" bai Nedelcho anafunsa Zdravko.

"Ndi iyeyo ananditola, bai."

Anailiza koyamba mkati mwa Juni, masana dzuwa likuswa mtengo. Asanagwire kiyi, mkuluyo anatuma Rumyana kukatenga chivundikiro cha mng'oma, chathabwa lochindikala, n'kumuimika pafupi ndi kamwa la nkhono.

"Dizilo ikapenga siimva kiyi, bulka. Imayamba kumwa oyilo wake womwe, n'kumathamanga mpaka kudzing'amba. Mankhwala ake ndi amodzi, kuitseka mphuno. Ndikakuwa, uphimbe ndi thabwalo. Dzanja ayi, ikudya zala."

Zdravko anapotokola kiyi. Injini inabuula, n'kubuulanso, kenako inagwira. Khola lonse linanjenjemera, fumbi la zaka makumi awiri n'kuyoyoka kudenga, nkhuku n'kubalalika. Koma phokoso lenilenilo silinali laukali. Linali lakuya, losalala, masilinda asanu ndi limodzi akulandizana ngati amuna odziwana akumweta udzu pamzere umodzi. Zdravko ataponda pang'ono, nkhono inayamba kuimba mluzu wopyapyala, ndipo Rumyana anamva thabwa likukokedwa m'manja mwake, epuloni yake ikunyamuka kulowera komweko. Chinthucho chinkapuma. Chinkafuna mpweya wonse wa m'kholamo, ndi wa m'chifuwa mwake womwe. Sichinapenge. Bai Nedelcho analuma sikuludilaiva, natsinzina, nakhala choncho nthawi yaitali, kenako anachita chizindikiro cha mtanda.

Masabata awiri otsatira pikapu inagwira ntchito zake, kabawuti kali pakadontho. Rumyana anabweza nayo ming'oma kuchokera kunkhalango kumene njuchi zinkadyera maluwa a mitengo, akuyendetsa monga ankachitira nthawi zonse njuchi zikakhala kumbuyo: nsapato ya kumanja atavula, chidendene chili nji pansi, zala zokha zikukankha. Malesa odzaza uchi watsopano ndi ofewa, ukanyamuka modzidzimutsa amathothoka n'kumiza njuchi ndi make womwe. Anamuphunzitsa ndi malemu bambo ake, amene ankaika tambula yodzaza madzi padashibodi n'kumuuza kuti dontho likagwa atsike ayende pansi.

Loweruka linafika. Anachotsa mpando wa pambali pa woyendetsa, chitseko cha kumbuyo ndi tayala lapadera, Zdravko yekha n'kupita pagalimoto. Rumyana, mwana ndi bai Nedelcho anakwera basi. Pabwalopo konkire inkawala ndi kutentha, fungo la nyama yootcha litasakanikirana ndi la matayala opsa. Panali magalimoto opentedwa ngati maswiti, ena atabwera atakwezedwa pamalole. Pikapu yawo inali ndi chitseko chimodzi chobiriwira, china choyera, ndipo mavu ankaitsatira chifukwa cha uchi wodontha pamatabwa akumbuyo. Pagalasi anailemba nambala 47.

"Ee, wa uchi uja wabwera!" anakuwa Svilen, mwana wa mwini malo ogulitsira matayala kutauni, amene anaphunzira kalasi limodzi ndi Zdravko. Anali atatsamira galimoto yake yakuda yonyezimira. "Zdravko, msika ndi mawa, m'bale wanga! Botolo ukuchita zingati?"

"Kwa iwe ndi ulere, ukamalira ndikunyambititsa."

"Ekizozi imeneyo si golo ya kusukulu kwathu? Ndinamwetsapo zigoli zitatu pamenepo!"

"Unamwetsa kugolo kwanu komwe, tonse tikukumbuka."

Bai Nedelcho anatsegula boneti, natembenuza kabawuti kawiri ndi theka, akuwerenga mokweza.

Ulendo woyamba Rumyana anauonera kuwaya, atatseka makutu a Bisera ndi manja. Magetsi achikasu anatsika pamzati, obiriwira n'kuyaka, ndipo Zdravko anaponda moto ngati akupha njoka. Utsi wakuda unati tolo kumwamba ngati nyumba ikupsa. Matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, akulira, akufuka utsi woyera, mchira wa pikapu ukuvina uku ndi uku. Injini inakuwa mawu amene Rumyana sanawamvepo, mawu a chinthu chimene chikupwetekedwa. Pamene matayala ankagwira, mnzake anali atafika kale pakati. Bolodi linalemba 15.9. Anthu anaombera m'manja utsiwo.

Ulendo wachiwiri anaphwetsako matayala. Zinachitika zomwezo: 15.3. Zdravko anabwerera nkhope ili psuu, thukuta lili kamukamu.

"Kamuvi kanafika pati?" anafunsa bai Nedelcho.

"Sindinaone bwino."

"Kanafika pati, mwana iwe?"

"Kanapitirira pang'ono."

Mkuluyo anagwira paipi ya madzi, nachotsa dzanja msanga. Svilen anadutsa akudya nyama pakamtengo. "Zdravko, achimwene, udzudzu wonse wa m'boma lino wafa. Tikuthokoza kwambiri."

Zdravko anatola sipanala. "Mafuta akuchepa, bai. Kumapeto ikufooka. Tiwonjezere kamodzi."

"Mafuta ali ochuluka kale kuposa nzeru zako. Ukawonjezera, ubwerera ndi mapisitoni m'chidebe."

"Ndiye nditembenuza ndekha."

Rumyana anamuyang'ana mwamuna wake ndipo anaona zonse. Akamuletsa, amvera lero, mawa n'kukayesera pamsewu wa kumunda. Akamukokera kunyumba wopanda nambala yake, kabawuti kaja sikadzakhazikika pakadontho. Ndipo akamusiya kuti apite kachitatu ndi phazi lakelo, Lolemba kulibe galimoto. Anaika Bisera m'manja mwa bai Nedelcho, n'kugwira sipanala ija mbali inayo.

"Siya."

"Rumi, izi sukuzidziwa."

"Ndikudziwa kuti mphamvu zonse zikuthera pamalo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake. Kumbuyo kulibe katundu, iwe ukuponda ngati ndi thalakitala ya bwana wako. Bweretsa kiyi."

"Iwe? Anthu onsewa akuona?"

Bai Nedelcho anatembenuzira kwa iye khutu lakumva lija. "Bulka, ukanyamula ming'oma yodzaza, pachitunda cha kumanda paja umanyamuka bwanji?"

"Ngati ndanyamula mazira."

"Matayala anayamba akulilirapo?"

"Akalira ndiye kuti njuchi zafa."

Mkuluyo anayang'ana Zdravko. "Mpatse. Injini wamanga ndiwe, ndipo ndi yabwino, ndikunena ine. Chikusowa ndi phazi. Komanso mkazi wakoyu akukuchepera ndi thumba lathunthu la simenti. Kulibe chitsulo chotchipa chimene tingachotse m'galimotomu choposa iweyo."

Zdravko anayang'ana sipanala imene inali m'manja mwake. Kenako anaiponya m'bokosi, navula helemeti, namuveka mkazi wake yekha, akumanga lamba pansi pa chibwano.

"Phazi lamanzere pabuleki," anatero. "Lamanja ukankhe pang'ono mpaka umve nkhono ikuyamba kuimba. Achikasu achitatu akayaka, siya buleki. Usadikire obiriwira, uchedwa."

"Ndamva."

"Ndipo Rumi, ikakoka usachite mantha. Ingogwira chiwongolero."

Patebulo la olembetsa anaona laisensi yake, namusainitsa, mayi wolembayo n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwamuna watopa?"

"Akulera mwana."

Mwamwayi kapena mwatsoka, mzere unamuika pambali pa Svilen. Iye anatsitsa galasi. "Mlamu! Ukasochera uzingotsata magetsi anga akumbuyo!"

 Woyang'anira mzere atangotembenuka, Rumyana anawerama n'kuvula nsapato ya kumanja, naikankhira pansi pa mpando. Chitsulo chinali chotentha kuphazi. Anakhazika chidendene. Kutsogolo konkire inatambalala mpaka kukakumana ndi thambo, yopanda dzenje, yopanda ngolo ya bulu, yopanda nkhuku. Chibadwire sanaonepo msewu wopanda chopewa.

Anaponda buleki, nakankha ndi zala. Injini inayamba kukoka, galimoto yonse n'kuuma ngati ng'ombe imene yamva goli. Kenako, kutali pansi pa phokosolo, mluzu uja unayamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaudikira mpaka unakwera pang'ono, n'kuugwira pomwepo.

Chikasu. Chikasu. Chikasu.

Anasiya buleki, ndipo sanaponde. Anakankha monga ankakankhira pachitunda cha kumanda, tambula ya bambo ake ili m'maganizo, chala ndi chala, akumvera m'chidendene pamene matayala ankafuna kuterereka n'kuwapatsa zokhazo zimene akanatha kunyamula. Sanalire. Matayalawo anangoluma konkire, mchira n'kukhala pansi, mphuno n'kudzuka. Phazi linafika pansi galimoto itayenda kale mamita makumi awiri, ndipo pamenepo nkhono inatsegula kukhosi.

Zimene zinachitika kenako Rumyana analibe nazo mawu. Chinachake chinamugwira pachifuwa n'kumukanikizira kumpando, osati mwaukali, koma mosafunsa. Mpweya unakana kulowa. Anthu a kuwaya anasungunuka n'kusanduka mzere wa mitundu. Giya inasintha, iye n'kuganiza kuti tsopano chileka, koma chinamugwiranso mwatsopano, kuposa poyamba. Mluzu unakwera mpaka kuleka kumveka ngati phokoso, n'kukhala ngati kuwala m'mutu. Kamodzi kokha m'moyo wake anamvapo mphamvu yoposa iye ikudutsa m'thupi mwake chonchi, tsiku limene Bisera ankabadwa, pamene anazindikira kuti iye si woyendetsa, ndi khomo chabe. Ndipo izi zinachokera m'khola la nkhumba! M'takisi yakufa, m'makina opsa, m'mapaipi a chimanga, m'tizitsulo tija timamva kutentha kwa dzanja! Anamva wina akuseka m'helemeti, ndipo anali iye mwini.

Pagalasi la pambali anaona mphuno yakuda ya galimoto ya Svilen. Inali kumbuyo.

Kenako diso lake linagwa pageji. 850. Giya inasinthanso. 880. Mzere womaliza unkaoneka, mbendera ziwiri zikukupiza, pafupi kwambiri, mwina mapazi makumi anayi, mwina kuchepera. Phazi linkafuna kukhala pomwepo. Thupi lonse linkafuna, ndipo iye anadabwa kuti m'kati mwake munali munthu wofuna chinthu chopanda ntchito ndi mtima wonse chonchi. Kamuvi kanakhudza 900.

Anachotsa phazi.

Nkhono inapuma kuti phyuu, chomugwira pachifuwa chija n'kumusiya. Galimoto yakuda inamudutsa ngati mthunzi pamzere penipeni.

Sanazimitse injini, pakuti mkuluyo anali atawauza kuti nkhono yotentha siizimitsidwa mwadzidzidzi. Anakhota kumapeto kwa bwalo, kumene udzu unamera m'ming'alu ya konkire, n'kubwerera pang'onopang'ono. Bolodi silinkaoneka kuchokera kumeneko. Ngati nambala sinakwane, ndiye kuti wapsereza ulendo wachitatu pachabe, ndipo sipanala ikadali m'bokosi.

Anayamba waona Zdravko. Ankathamanga pakati pa magalimoto, mimba ikugwedezeka, manja ali m'mwamba, akukuwa zosamveka. Kumbuyo kwake, pamwamba, bolodi linali lisanafufutidwe. 47, ndipo pambali pake 13.94.

Zdravko anatsegula chitseko n'kumukumbatira ndi helemeti yomwe. "Inanyamuka ngati yaponyedwa ndi legeni! Rumi, sunaione! Inakhala pansi chonchi, utsi n'kuyera, n'kungopita! Injini yanga! Mayo ine, injini yanga!" Ankalira osabisa. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono, napukuta mphuno. "Ndikanakhala ine bwenzi..."

"Bwenzi tikutola mapisitoni," anatero bai Nedelcho akufika, Bisera ali paphewa. "Tasuntha."

Anatsegula boneti injini ikulira. Analuma sikuludilaiva, naigunditsa pasilinda yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Pa yachinayi anakhalitsa, nasuntha nsonga, namveranso. Yachisanu. Yachisanu ndi chimodzi. Anayang'ana m'kabotolo ka madzi a redieta ngati mukutuluka thovu. Munali bata. Anasolola chitsulo choyezera oyilo, napaka pachala, nanunkhiza.

"Ili moyo," anatero. "Yatopa, koma ili moyo."

Svilen anafika wapansi, helemeti ili m'khwapa, nthabwala zitamuthera. Anazungulira pikapuyo, nasuzumira m'boneti, nayang'ana mapaipi a chimanga aja nthawi yaitali.

"Mlamu, unali patsogolo. Ndinakuona ndi maso angawa. Unasiyiranji?"

"Ndili ndi ntchito Lolemba."

"Pitanso kamodzi. Matayala ndikubwereka ine, enieni. Ifika 13 ndi theka imeneyi."

Zdravko anayang'ana mkazi wake. Rumyana anali akuvala nsapato, chinthu chija chikadali m'chifuwa mwake, chikupempha. Anamanga chingwe cha nsapato kawiri.

"Zdravko, sipanala."

Rumyana anatembenuza yekha kabawuti kaja, kawiri ndi theka chobwerera, akuwerenga mokweza monga anachitira mkuluyo, mpaka timadontho tofiira tinayang'anana.

Lolemba anadzuka kusanache bwino, njuchi zisanayambe kutuluka. Anatseka makomo a ming'oma, nakweza khumi ndi iwiri pagalimoto, isanu ndi itatu pangolo yokokedwa kumbuyo kwake, ina kudikira ulendo wachiwiri. Injini inagwira pa kiyi woyamba. Rumyana anatuluka pageti pang'onopang'ono, Zdravko ali pambali atafukata mwana wogona. Kanema wa Loweruka anali atazungulira kale mafoni a m'mudzi monse, moti amuna amene ankamwa khofi pakhomo pa sitolo anaimirira onse. Wa positi anawapitirira pa kanjinga kake kamoto akukuwa, "Ponda, bulka! Tationetsa!"

Sanaponde. Kamuvi ka liwiro sikanadutse pa 30 njira yonse, ndipo pansi pa zala zake chinthu chija chinkangong'ung'udza, chofatsa ngati ng'ombe yokalamba.

Atakwera chitunda chomaliza, mpendadzuwa unawatsegukira, chikasu kuyambira kumsewu mpaka kumene maso amalekezera, mitu yonse itayang'ana kum'mawa. Pageti la munda panaima lole ya mlimi wina wa njuchi wochokera kutali, amene anabwera kudzayesa mwayi ngati wina angachedwe. Mwini munda anayang'ana wotchi, nayang'ana pikapu ya zitseko zosiyana, n'kuwakodola kuti alowe.

Anatsitsa ming'oma m'mphepete mwa mitengo, naiyalika pamzere. Rumyana anayenda kumbuyo kwake akutsegula makomo umodziumodzi, akuika khutu pathabwa lililonse. Monse munkamveka bwino, palibe lesa limene linathothoka. Njuchi zoyamba zinatuluka, zinazungulira kawiri katatu kuti zidziwe malo, kenako zinawongoka kulowera kuchikasu kuja, zikwi ndi zikwi.

"Tiye," anatero kwa Zdravko. "Yatsala makumi awiri, ndipo dzuwa likukwera."